Ibn Sina ndi Zala Zake pa Mkono wa Wodwala



Dzina la Ibn Sina timalitchula kawirikawiri, makamaka pakabuka mkangano pa WhatsApp woti kodi Asilamu adathandizapo chiyani pa sayansi. Wina amaponya chithunzi cha mkulu wa ndevu ndi nduwira, enafe nkumayankha kuti Masha Allah, basi nkhani yathera pomwepo. Koma mutafunsa kuti mkuluyu adalemba chiyani kwenikweni, gulu lonse limangoti zii. Nde lero ndikufuna titenge kachigawo kamodzi kokha ka ntchito yake, komwe ine ndimakakonda kuposa zonse: zomwe adalemba za kugunda kwa mtima, makamaka mtima ukasiya kugunda mwadongosolo.

Dzina lake lonse ndi Abu Ali al-Husayn ibn Abdullah ibn Sina. Azungu adalipinda nkukhala Avicenna. Adabadwa cha m'ma 980, chaka cha 370 pa kalendala ya Hijra, m'mudzi wa Afshana pafupi ndi Bukhara, m'dziko lomwe lero ndi Uzbekistan. Inde, Bukhara yomweyo ya Imam al-Bukhari, ngakhale Imamuyo adamwalira mu 870, zaka zoposa 100 mwanayu asanabadwe. Bambo ake anali ochokera ku Balkh ndipo ankagwira ntchito m'boma la mafumu a banja la Samani.

Za ubwana wake timazidziwa chifukwa iye mwini adazifotokozera wophunzira wake, Abu Ubayd al-Juzjani, yemwe adazilemba nkudzawonjezerapo za zaka zomwe adakhala naye. Tizikumbukira kuti uyu ndi munthu wodzisimba yekha, ndipo kudzichepetsa sinali mphatso yake ayi. Akuti pofika zaka 10 anali ataloweza Qur'an yonse. Amene tidakhalapo pa mkeka wa ku madrasa, tikubwereza Juz Amma mpaka mawu kusasa, tikudziwa kuti si masewera amenewo. Masamu a ku India adakaphunzira kwa wogulitsa ndiwo zamasamba pamsika. Fiqh adaphunzira kwa Ismail al-Zahid. Mantiq, lomwe ndi phunziro la kuganiza mwatsatanetsatane, adayambira kwa mphunzitsi wina dzina lake al-Natili, yemwe ankakhala pakhomo pawo pomwepo, ndipo sipadapite nthawi mwana adamupitirira mphunzitsi.

Zamankhwala adaziyamba asanakwane zaka 16, ndipo ankaziona ngati zosavuta. Chomwe chidamutulutsa thukuta ndi buku la Aristotle la Metaphysics. Adaliwerenga maulendo 40 mpaka kuliloweza, koma osamva kanthu. Tsiku lina kumsika wa mabuku adagula, monyinyirika, kabuku ka al-Farabi pa ma dirham atatu, ndipo kabuku kameneko ndi komwe kadamutsegula mutu. Mawa lake adapereka sadaka kwa osauka pothokoza Allah. Amanenanso kuti funso likamukanika ankapita ku mzikiti, nkuswali, nkupempha kuti chotsekekacho chitseguke.

Mwayi wake udabwera pomwe mfumu Nuh ibn Mansur idadwala, madokotala nkumutchula mnyamatayu kuti aitanidwe. Atathandiza nawo, adapempha chinthu chimodzi: kuloledwa kulowa mu laibulale ya mfumu. M'menemo adaona mabuku omwe sadawaonenso kwina kulikonse moyo wake wonse. Patapita nthawi laibulaleyo idapsa.

Kuchokera apa moyo wake udali wa chikwama paphewa. Ufumu wa Samani udagwa mu 999, bambo ake adamwalira, iye nkusamukira ku Gurganj. Kenako Jurjan, komwe adakumana ndi al-Juzjani. Kenako Rayy, kenako Hamadan. Ife a kuno ku Mchinji, amene theka la abale athu lili ku Chipata ndipo timadziwa kuwoloka pa Mwami m'mawa nkubwerera madzulo, tingaganize kuti tikuumvetsa moyo wotere, koma wake sudali wa bizinesi. Ankathawa nkhondo ndi ndale, kufunafuna mfumu yomwe ingamusunge.

Ku Hamadan adachiritsa mfumu Shams al-Dawla matenda a m'mimba, mfumuyo nkumupatsa unduna waukulu. Asilikali adamuukira, kumulanda katundu, kufuna kuti aphedwe, ndipo adabisala masiku 40 m'nyumba ya munthu wina. Mimba ya mfumu itayambiranso, adamufunafuna, kumupepesa, kumubwezera pa mpando. Mfumuyo itamwalira mu 1021 zinthu zidasokonekeranso, ndipo adatsekeredwa miyezi inayi mu linga la Fardajan, komwe adapitiriza kulemba. Potsiriza adatuluka mu Hamadan mozemba, atavala ngati msufi, nkukafika ku Isfahan kwa mfumu Ala al-Dawla, komwe adapumako.

Mkati mwa chipwirikiti chonsechi ndi momwe mudatuluka al-Qanun fi al-Tibb, buku la zigawo zisanu zikuluzikulu lomwe adaliyamba ku Jurjan nkulimaliza cha m'ma 1025. Ali ku Hamadan adalembanso kabuku ka mankhwala a mtima, al-Adwiya al-Qalbiyya, ndipo ku Isfahan adalembera Ala al-Dawla kabuku kapadera ka kugunda kwa mitsempha, m'chilankhulo cha Chiperezi osati Chiarabu. Nkhani yathu ili m'chigawo choyamba cha Qanun, pomwe akufotokoza zizindikiro za matenda.

Taganizani dokotala wopanda stethoscope, wopanda makina oyezera BP, wopanda ngakhale wotchi yowerenga masekondi. Kuwerenga kugunda kwa mtima ndi wotchi kudadzayamba mochedwa kwambiri, ndi Mngelezi John Floyer mu 1707. Ibn Sina adali ndi zala zake basi, ndi mkodzo wa wodwala m'botolo. Choncho zalazo zinkayenera kuphunzitsidwa ngati momwe timaphunzitsira lilime kusiyanitsa makhraj a zilembo.

Amayamba ndi kufotokoza chifukwa chomwe timagwira mtsempha wa pamkono, apa pomwe timavala wotchi, osati wa pena. Zifukwa zake ndi zitatu: ndi wosavuta kuufikira, uli pafupi ndiponso molunjika ndi mtima, ndipo wodwala sachita manyazi kuvundukula pamenepo. Chifukwa chachitatuchi chimandisangalatsa zedi. Munthu akulemba buku la sayansi, koma akukumbukira kuti patsogolo pake pakhala mayi kapena gogo yemwe ali ndi ulemu wake. Amachenjezanso kuti usamuyeze munthu atakwiya, atasangalala kwambiri, atangothamanga kumene, atakhuta mopitirira kapena ali ndi njala, chifukwa zonsezi zimasintha kagundidwe.

Kwa iye kugunda kumodzi kuli ndi magawo anayi: mtsempha kufufuma, kupuma, kuphwa, kupumanso. Amasimba kuti Galen, dokotala wa Chigiriki yemwe adakhalako zaka pafupifupi 800 iye asanabadwe, adatha nthawi yaitali osamva kuphwako, mpaka zala zake zitazolowera. Kenako amandandalika zinthu khumi zomwe zala ziyenera kufunsa mtsempha: kukula kwa kugundako, mphamvu yake, liwiro lake, kulimba kapena kufewa kwa mtsempha, kudzaza kwake, kutentha kwake, kutalika kwa kupuma pakati pa kugunda kuwiri, ndi zina. Zitatu zomaliza ndi zomwe zikutikhudza ife. Kodi kugunda konse nkofanana kapena nkosiyana? Ngati nkosiyana, kodi kusiyanako kuli ndi dongosolo kapena ayi? Nanga muyeso wa nthawi pakati pa kugunda ndi kupuma uli bwanji?

Funso lachiwirilo liwerengeni kawiri. Iye akuti kusokonekera kulipo kwa mitundu iwiri. Pali kusokonekera komwe kumabwerezabwereza mofanana, mwachitsanzo mtima kugunda katatu bwinobwino, kachinayi nkujomba, kenako katatu, nkujombanso. Ndiye pali kusokonekera kopanda mutu, komwe sungathe kulosera kuti kugunda kotsatira kubwera liti kapena kubwera ndi mphamvu yotani. Poti adalibe wotchi, adabwereka muyeso ku nyimbo, phunziro lomwe ankalidziwa bwino ndipo adalilembapo mu buku lake la al-Shifa. Ankati kugunda kwa mtsempha kuli ndi chikhalidwe cha nyimbo. Aliyense amene adamvapo ng'oma akudziwa kusiyana kwa woyimba amene akudumpha dala pamalo amodzimodzi, ndi mwana amene akungomenya chigubu.

Mayina a mitundu ya kagundidwe ndi okoma kuwamva. Pali kagundidwe ka mbawala, komwe kamayamba pang'onopang'ono kenako nkudumpha mwadzidzidzi mkati mwa kugunda komweko. Pali mchira wa mbewa, pomwe kugunda kumanka nacheperachepera ngati momwe mchira umaonderera kunsonga. Pali ka mafunde, ka nyongolotsi, ka nyerere komwe nkakang'ono, kofooka ndi kothamanga, ndi ka sowo komwe kamamveka ngati mano osalingana pansi pa zala. Pali kogogoda kawiri. Ndiye pali mitundu iwiri yomwe dokotala wa mtima wa lero angaizindikire msanga: wina pomwe zala zikudikira kugunda koma pabwera bata, ndi wina pomwe zala zikudikira bata koma pagwera kugunda kowonjezera pakati.

Apa ndinene mosabisa, chifukwa ma post ambiri amakokomeza. Mayina ambiriwa sadawayambitse iye. Adachokera kwa Galen ndi Agiriki ena akale, kudzera m'mabuku omwe adamasuliridwa m'Chiarabu ku Baghdad. Ntchito ya Ibn Sina idali kutenga mulu wa zolemba za Galen, zomwe zidali zambirimbiri ndi zobalalika, nkuzisanja m'masamba ochepa moti wophunzira atha kuzisunga m'mutu nkupita nazo kwa wodwala. Ena angaone ngati zimenezi zikumuchepetsa. Ine ndimaona kuti ndi chifukwa chake bukuli lidakhala moyo. Gerard wa ku Cremona adalimasulira m'Chilatini ku Toledo m'zaka za m'ma 1100, ndipo ku mayunivesite monga Montpellier ndi Leuven linkaphunzitsidwabe mpaka cha m'ma 1650.

Adapitiriza kufotokoza momwe kagundidwe kamasinthira ndi msinkhu, nyengo, chakudya, tulo, kusamba, pakati pa amayi, ululu, ndi zamumtima monga mkwiyo, mantha ndi chisoni. Apa mpamene pali kankhani komwe achinyamata amakakonda. Mu Qanun, pa matenda a chikondi, iye amafotokoza njira yodziwira yemwe wodwala akumubisa mumtima: gwira mkono wake, uzitchula mayina a anthu, misewu, nyumba ndi mabanja, ndipo pomwe mtsempha wasokonekera mwadzidzidzi, bwerezanso dzinalo kuti utsimikize. Amanena kuti adaiyesa yekha njirayi, ndipo mankhwala omwe amapereka, ngati nkotheka mwa chilamulo, ndi ukwati. Wolemba wina wa m'zaka za m'ma 1100, Nizami Aruzi, adaikometsera nkhaniyi nkuisandutsa ya mnyamata wa kubanja lachifumu ku Jurjan. Nkhani zofanana nayo zinkasimbidwanso za madokotala a Chigiriki, nde ya mnyamatayo tiitenge ngati nthano yokoma. Koma mfundo yake ndi yoona, ndipo ena a inu mwaiyesa kale foni ikalira dzina lina lake litaoneka.

Tsopano tibwere kwathu. Kusokonekera kopanda dongosolo kuja lero kuli ndi dzina. Nthawi zambiri ndi matenda otchedwa atrial fibrillation. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba, ziwiri pansi. M'chipinda chapamwamba chakumanja muli kagulu ka maselo komwe kamatumiza mphamvu yochepa ya magetsi yolamula mtima wonse kuti ugunde. Kaguluka adakapeza Arthur Keith ndi Martin Flack mu 1907. Pa atrial fibrillation, zipinda zapamwamba zimasiya kumvera lamulolo nkumangonjenjemera, ndipo zapansi zimagunda mwachisawawa. Magazi akamachedwa m'chipinda chonjenjemeracho amatha kuundana, kachibuluma nkuchoka kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Ndiyo sitiroko, yomwe kumudzi timangoti wafa ziwalo. Munthu wa matendawa ali pa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzake.

Kuti zala ndi magetsi a mtima zigwirizane padatenga zaka pafupifupi 900. Willem Einthoven wa ku Netherlands adapanga makina ake a ECG kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nkulandira mphoto ya Nobel mu 1924, ndipo cha m'ma 1909 Thomas Lewis ku London adaonetsa kuti kagundidwe kopanda dongosolo komwe madokotala ankakamva pamkono ndi kunjenjemera kwa zipinda zapamwambako. Koma mawu omwe ophunzira zachipatala amaphunzitsidwa mpaka lero akamagwira mkono ndi kusiyanitsa komwe kuja: kosokonekera mwadongosolo, kapena kosokonekera mopanda dongosolo.

Nchifukwa chiyani zikutikhudza? Zinthu ziwiri zomwe zimabweretsa matendawa zili pakati pathu. Choyamba ndi BP. Kafukufuku wa STEPS yemwe adachitika m'Malawi mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 adali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa nkomwe. Chachiwiri ndi matenda a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi za mabakiteriya zomwe sizidachizidwe bwino paubwana. Thupi polimbana ndi mabakiteriyawo limawononga zitseko za mkati mwa mtima, ndipo patapita zaka mtsikana wa zaka 20 amapezeka akubanika pokwera kachitunda, mwinanso vuto kudzaonekera ali ndi pakati. Si matenda a agogo okha.

Zipatala zing'onozing'ono zambiri za kumidzi zilibe makina a ECG, ndipo kuchokera pa boma la Mchinji kukafika ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100. Choncho chida choyamba chomwe chingazindikire vutoli m'midzi yathu ndi chomwe chija adali nacho Ibn Sina. Ikani zala ziwiri kapena zitatu, osati chala chachikulu, pamkono m'munsi mwa chala chachikulu cha munthuyo, atakhala pansi ndi kupuma kaye. Werengani mphindi yathunthu. Kwa munthu wamkulu wopuma, 60 mpaka 100 ndi zabwinobwino. Koma musangowerenga, mvetseraninso kayendedwe kake. Kwa achinyamata mtima umafulumirako pokoka mpweya nkuchedwerako potulutsa, ndipo zimenezo si matenda. Kujomba kamodzi mwa apo ndi apo kumachitikira anthu ambiri athanzi. Koma mukapeza kopanda mutu kuja, makamaka ngati munthuyo akubanika, miyendo ikutupa, akumva chizungulire, kukomoka kapena kupweteka pachifuwa, musadikire Ijumaa kuti mukafunse kwa a Shehe ngati ndi majini. Dua muchite muli panjira ya kuchipatala. Zala zimangokayikira, wotsimikiza ndi ECG, ndipo mankhwala ochepetsa liwiro la mtima ndi oletsa magazi kuundana alipo.

Kodi Ibn Sina ankadziwa zonsezi? Ayi. Zomwe zala zake zinkamva zidali zoona, koma zifukwa zomwe ankapereka zambiri zidali zolakwika. Ankakhulupirira kuti mitsempha imafufuma ndi kuphwa pofuna kuziziritsa ruh, kampweya kopepuka ka moyo komwe madokotala a nthawiyo ankati kamapangidwa mumtima. Potsatira Aristotle adalemba kuti mtima uli ndi mapanga atatu. Sankadziwa kuti magazi amazungulira thupi lonse nkubwerera, zomwe William Harvey adadzafotokoza mu 1628.

Amene adayamba kumukonza ndi Msilamu mnzake. Ibn al-Nafis, yemwe adaphunzira ku Damascus nkukagwira ntchito ku Cairo mpaka imfa yake mu 1288, adalemba sharh ya zigawo za Qanun zokamba za kapangidwe ka thupi. M'menemo adakana mapanga atatu aja, adakananso zoti khoma la pakati pa mtima lili ndi timabowo todutsa magazi monga ankanenera Galen, nkunena kuti magazi a kumanja ayenera kudzera m'mapapo kuti akafike kumanzere. Tidazolowera kuganiza kuti sharh ndi kungovomereza zomwe adanena mkulu. Uyu adalemba sharh yolemekeza Qanun, koma pomwe mwini buku adaphonya adanena poyera kuti apa sizili choncho. Zolembazi zidadziwikanso ku dziko mu 1924, dokotala wa ku Egypt, Muhyi al-Din al-Tatawi, atazipeza mu laibulale ku Berlin.

Pali mbali ina yomwe ma post a Masha Allah aja saitchula. Ibn Sina adali munthu wovuta kumuika m'bokosi limodzi. Yemwe ankathamangira ku mzikiti funso likamukanika, ndi yemweyo amene amasimba kuti tulo tikamugwira powerenga usiku ankamwa kapu ya vinyo. Al-Juzjani akuti ku Hamadan ophunzira ankasonkhana usiku kuwerenga al-Shifa ndi Qanun, poti masana mphunzitsi adali pa ntchito ya boma, ndipo phunziro likatha kunkabwera oyimba ndi zakumwa. Pa aqida, Imam al-Ghazali, mu Tahafut al-Falasifa yomwe adaimaliza mu 1095, adatsutsa mwamphamvu maganizo a Ibn Sina ndi al-Farabi, makamaka pa mfundo zitatu: zoti dziko lidalibe chiyambi, zoti Allah amadziwa zinthu mwachidule osati chimodzichimodzi, ndi zokana kuuka kwa matupi. Izi si zazing'ono, ndipo sindikuzipeputsa. Komabe ma ulama ambiri omwe adakana falsafa yake adapitiriza kuchizidwa ndi madokotala ophunzira Qanun, ndipo Ibn al-Nafis uja, amene adathera moyo wake pa bukuli, adali katswiri wa fiqh ya Shafi'i, madhhab omwe ambiri a ife kuno timatsatira.

Zaka zake za ku Isfahan zidali zabwinoko. Usiku wa Ijumaa uliwonse mfumu inkasonkhanitsa anthu ophunzira kuti azikambirana pamaso pake. Koma nkhondo idamupezanso komweko: asilikali a Mas'ud wa ku Ghazna adafunkha katundu wake, ndipo buku lake lalikulu la al-Insaf lidatayika, kutsala tizidutswa.

Matenda omwe adamutenga ndi a m'mimba omwewo, qulanj, omwe adachiritsa nawo mafumu komanso kuwalembera kabuku ali m'ndende. Adamugwira ali paulendo wa nkhondo ndi Ala al-Dawla. Poopa kutsalira m'mbuyo adani akubwera, adadzipatsa mankhwala otsuka m'matumbo maulendo asanu ndi atatu tsiku limodzi, mpaka matumbo adachita zilonda. Kenako adayamba kugwa ngati wa khunyu. Al-Juzjani akutinso wantchito wina adamuthirira opium wochuluka m'mankhwala ake, chifukwa antchitowo adali atamubera ndalama ndipo ankaopa kuti akachira ziwululika. Adapezako bwino pang'ono, osadzisamala, matenda nkumabwerera. Atafika ku Hamadan adaona kuti mphamvu zatha, nkusiya kudzichiza.

Olemba mbiri a pambuyo pake, monga Ibn Khallikan, akuti m'masiku omalizawo adasamba, kulapa, kugawa chuma chake kwa osauka, kumasula akapolo ake, ndi kumamaliza Qur'an masiku atatu aliwonse. Adamwalira m'mwezi wa Ramadan chaka cha 428, womwe ndi 1037, ali ndi zaka pafupifupi 57, ndipo adaikidwa ku Hamadan komweko, mzinda womwe adauthawa atavala ngati msufi.